Momwe gulu la alimi lingakankhire kusintha kwa malamulo a zachuma, kuyambira pa thumba la mbatatesi

Kwathu ndi kumtunda kwa Bembeke, m'boma la Dedza, kumene Juni akafika chifunga chimakuta mapiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo munthu akati "chaka chino ndalima" amatanthauza mbatata ya kachewere. Ndine mlembi wa kopaletivi yathu. Udindowu unandigwera chifukwa ndinali mphunzitsi wa masamu ku pulayimale ndisanapume pa ntchito, ndiye anzanga anati buku la gulu lisungidwe ndi amene anazolowera kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Zimene ndikulemba panozi zachokera m'bukumo, ndipo ndikulembera alembi anzanga, apampando ndi asungichuma a magulu a alimi, makamaka a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Tonse timamva pa wailesi kuti dziko liyenera kusintha ndondomeko za chuma kuti lizipanga katundu wambiri ndi kupikisana ndi maiko ena. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika ulimi wopindulitsa ndi wamalonda kukhala nsanamira yoyamba, mafakitale yachiwiri, kukula kwa matauni yachitatu. Akamatchulidwa ku Capital Hill, mawu amenewa amamveka ngati a eni ake. Ine ndimawamva bwino ndikaima pa Lizulu. Pajatu msewu wa M1 ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Mulu wa mbatatesi ya ku Angonia ndi mulu wa mbatatesi yathu zimayang'anizana, wogula wochokera ku Blantyre ali pakati, akutola ya uku, akutola ya uko, akufunsa mtengo. Amaona kukula kwake, amaona ngati yasankhidwa kapena yasakanikirana ndi tizing'onoting'ono, amakanda khungu ndi chikhadabo kuti adziwe ngati yakhwima. Kumene akasiye ndalama zake ndiko kwapambana, ndipo kupikisana kwa dziko kumene akunena akuluakuluwo n'komweku. Koma mtengo umene timamutchulira sitiupanga tokha. Mkati mwake muli dola, muli chiwongoladzanja cha kubanki, muli msewu, muli magetsi, mulinso lamulo limene nduna inasaina sabata yatha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Malamulo amenewa akamaluma, amaluma ife, choncho kudzuka n'kwathu. Nayi njira imene ife tinadutsa, ndi pamene tinapunthwa.

Yambani ndi sikelo ndi buku

Chaka chimene ndinalandira bukulo ndinapita kukaonerera tsiku lokumba m'munda mwa mayi wina wa m'gulu lathu. Venda anabwera ndi matumba akeake. Thumba litadzadza, anyamata ake anatenga chidutswa cha thumba lina n'kuchisokerera kukamwa ndi chingwe, n'kupitiriza kuthira mpaka linatalika kufika pachifuwa pa munthu. Anthu anayi ndi amene analikweza pa lole, akubuula. Mtengo unali wa "thumba limodzi". Madzulo mayi aja anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi ndapindula?" Ndinasowa choyankha, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti m'thumbamo munali makilogalamu angati.

Choyamba chimene gulu ligule ndi sikelo, ngakhale chikwangwani cha gulu chisanalembedwe. Ikhale yoyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, amene ndiwo amatsimikiza masikelo a malonda m'dziko muno, kuti wogula asakhale ndi pokanira. Kenako membala aliyense akhale ndi tsamba lake m'buku. Pemphani alangizi akuyezereni minda, chifukwa ambirife timatchula ekala pa munda umene sukwana ekala. Lembani mbewu, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mankhwala opopera chiwawu, aganyu opalira ndi okumba, ngolo yotutira, matumba, chiphaso cha pamsika. Musaiwale masiku amene mwini munda ndi ana ake agwira ntchito. Alembeni pa mtengo wa ganyu, popeza thukuta la mwini nalonso ndi ndalama. Muwonkhetse zonsezi, mugawe ndi makilogalamu amene atuluka. Nambala imene yatsalayo ndiyo mtengo wanu wolimira kilogalamu imodzi. Gulu limene silidziwa nambala imeneyi lilibe chonena kwa venda, lilibenso chonena kwa nduna.

Mukatero, tengani cholembera chofiira muchonge chilichonse chimene chimachokera kunja kwa dziko: feteleza, mankhwala, mafuta a galimoto, sipuleya. Tsamba lidzafiira. Ndi cholembera chabuluu chongani zimene mungathe kukonza nokha popanda kupempha aliyense. Masamba amenewa ndiwo mapu anu.

Konzani kaye za buluu

Pano ndikhala wosabisa mawu, chifukwa ndi pamene ifeyo alimi timadziphonya. Mbatatesi yathu yambiri imatuluka yochepa pa ekala chifukwa cha mbewu. Timagulitsa zazikulu, n'kusunga tizing'onoting'ono kuti tidzabzale, osadziwa kuti zambiri mwa izo zinachepa chifukwa cha matenda. Chaka ndi chaka Rosita ndi Violet yemweyo, m'munda womwewo, mpaka matenda ofota atakhazikika m'nthaka. Chonsecho malo ofufuzira za ulimi a Bembeke ali pakhomo pathu, ndipo akatswiri a boma mothandizana ndi a International Potato Center anatulutsa mitundu monga Thandizo, Chuma, Zikomo ndi Mwai. Sankhani mamembala awiri kapena atatu amene ali ndi minda yoyera, imene sinalimidwe mbatatesi, tomato kapena fodya kwa zaka zingapo, akhale ochulukitsa mbewu ya gulu lonse. Mangani kanyumba kosungira mbewu kolowa kuwala ndi mphepo, kokhala ndi mashelefu a nsungwi, kuti mphukira zizituluka zazifupi, zonenepa ndi zobiriwira m'malo mwa zoyera zazitali zija zimene zimathyoka m'dengu. Chitani kasinthasintha ndi chimanga, nyemba kapena soya. Nthaka ya kumtunda kuno m'malo ambiri ndi yowawasa, moti feteleza wina amangotayika. Funsani alangizi za kuyezetsa dothi ndi kuthira laimu ndi manyowa musanadandaule kuti thumba limodzi silinakwane.

Pokolola, dulani masamba n'kudikira masiku angapo kuti khungu lilimbe, kenako sankhani m'magulu atatu: zazikulu za tchipisi, zapakati za pakhomo, zazing'ono. Opanga tchipisi ya m'mapaketi ndi mahotela safuna thumba losakaniza, ndipo amene wasankha bwino ndi amene amamuimbiranso foni.

Ndaika izi patsogolo pa zonse za boma chifukwa mukadzakhala pamaso pa akuluakulu, funso lawo loyamba lidzakhala lakuti, "Nanga inu mwachitapo chiyani?" Mukhale ndi yankho lolembedwa.

Khalani gulu lodziwika ndi lamulo

Kalabu ya pansi pa mtengo ndi poyambira pabwino, koma siingasaine mgwirizano wa malonda. Lembetsani kopaletivi kudzera kwa mkulu woona za malonda ku khonsolo, amene adzakulumikizani ndi ofesi yolembetsa makopaletivi ku unduna wa zamalonda. Lamulo lake ndi la 1998, ndipo anthu 10 ndi okwanira kuyamba. Padzafunika maphunziro, malamulo a gulu, ndi masheya amene mamembala agula ndi ndalama zawo. Tengani TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku bungwe lotolera misonkho la MRA, tsegulani akaunti ku banki yosainira anthu atatu. Ntchito ya boma yotukula ulimi wamalonda ya AGCOM, imene imathandizidwa ndi World Bank, yakhala ikupereka 70 peresenti ya ndalama zogulira zinthu ngati nyumba yosungira katundu kapena makina, gulu n'kupeza 30 peresenti, gawo lina ndalama, gawo lina zinthu monga njerwa ndi mchenga. Koma amafuna gulu lokhazikika, la mabuku, limene lapeza kale wogula. Mapepala amenewa amatopetsa, ndipo amatenga maulendo angapo a ku boma. Pirirani nawo.

Dziwani lamulo limene likukulumani

Tsopano bwererani ku zofiira zija. Apa ndikhalitsa, chifukwa magulu ambiri amalira molakwika: amati "boma litithandize" osatchula chimene chikupweteka.

Choyamba ndi kwacha. Mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tsiku limenelo chilichonse chofiira m'buku mwathu chinakwera, pamene mbatatesi imene inali m'nkhokwe inali yomweyo. Nkosavuta kutukwana amene anagwetsa kwacha, koma gwero lake ndi lakuti dziko limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, ndipo pafupifupi theka la ndalama zakunja limachokera ku mbewu imodzi, fodya. Madola akasowa, mitengo imakhala iwiri, wa kubanki ndi wa pamsewu. Wogulitsa feteleza amene wasowa dola kubanki amaigula pamsewu, n'kutiikira ife mtengowo. Mbali inayo, mu 2021 Reserve Bank inalamula kuti wogulitsa katundu kunja azisinthitsa 30 peresenti ya madola ake pa mtengo wa boma. Ganizirani munthu amene wagula soya kapena nyemba zathu kuti akagulitse kunja: zogula zake zili pa mtengo wa pamsewu, gawo la malipiro ake lili pa mtengo wa kubanki. Kutayako amakakuchotsa pa mtengo umene amatipatsa ife, kapena amadutsitsa katundu m'njira zachidule, dziko osalandirapo dola ndi imodzi yomwe. Choncho gulu la alimi lili ndi chifukwa chenicheni chopemphera kuti mitengo iwiriyi iyandikane, ndi kuti wogulitsa kunja asalangidwe chifukwa chodzera pa chipata.

Chachiwiri ndi chiwongoladzanja. Mu 2024 Reserve Bank inafikitsa chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Palibe nyumba yoziziritsira mbatatesi imene ingabweze ngongole yotere. Chifukwa chachikulu n'chakuti boma lenilenilo limabwereka kwambiri m'mabanki a m'dziko muno kuti litseke bajeti. Banki ikaona boma mbali iyi ndi kopaletivi ya ku Bembeke mbali iyo, imasankha boma, popeza boma silikhudzidwa ndi chiwawu kapena ng'amba. Mukamva pa wailesi za ngongole za boma, musatseke wailesi poganiza kuti si zanu. Ndi ndalama zomwezo zimene mukanabwereka inu.

Chachitatu ndi ziletso za malonda, ndipo apa maganizo anga amasiyana ndi a anzanga ena. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kulowetsa katundu wina m'dziko muno, kuphatikizapo mbatatesi, anyezi, adyo ndi ufa. M'gulu mwathu munali nthungululu, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake: zimawawa kuona mbatatesi yakunja m'mashelefu a masitolo a ku Lilongwe pamene yathu ikuwola pa Bembeke. Koma walira mvula walira matope. Mu Epulo dziko la Tanzania linabwezera poletsa zokolola zathu, mpaka maiko awiriwa atakhala pansi kukambirana, ndipo ifeyo mafuta ndi katundu wathu wambiri amadzera m'madoko a eni, ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Komanso dzanja limene latseka chipata kuti mbatatesi isalowe ndi lomwelo limene limatseka kuti chimanga kapena soya wathu asatuluke, mtengo n'kugwa titakolola kale. Chiletso chimatipatsa mpata wopumira, koma sichikulitsa mbatatesi. Ine chimene ndimapempha ndi ichi: chiletso chilichonse chizilengezedwa tisanabzale, chizinena chifukwa chake poyera, ndipo chizikhala ndi tsiku lothera. Lamulo la Control of Goods la 2018 linakonzedwa ndi cholinga choti zinthuzi zisamabwere modzidzimutsa. Tili ndi poimira pokumbutsa boma za lamulo lake lomwe. Mlimi amene akudziwa malamulo a chaka chamawa amalimba mtima kukulitsa munda. Amene sakudziwa amalima zongokwanira pakhomo.

Chachinayi ndi feteleza wotsika mtengo. Ndondomeko ya boma ya FISP inayamba mu 2005, ina yotchedwa AIP inabwera mu 2020 ndi thumba la K4,495. Ndaona amayi amasiye amene popanda matumba awiri aja akanagona ndi njala, choncho sindingaimirire pagulu n'kunena kuti zithe mawa. Koma tiyeni tiyang'anenso mbali ina. Maiko a mu Africa anagwirizana ku Maputo mu 2003 kuti aziika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, ndipo Malawi wakhala akufikapo, koma gawo lalikulu limathera ku feteleza wa chaka chimodzi. Zotsala za kafukufuku, alangizi, mthirira ndi misewu ya kumidzi zimakhala zochepa. Alangizi athu amayenda midzi yambirimbiri pa njinga yakapalasa. Feteleza amatha ndi mvula ya chaka chomwecho, pamene ngalande imagwira ntchito zaka ndi zaka. Tsikirani ku Mtakataka mukaone sikimu ya Bwanje, mahekitala 800 a mpunga amene anakonzedwa ndi thandizo la dziko la Japan, muone kusiyana kwa ndalama yodyedwa ndi ndalama yobzalidwa. Gulu la alimi amalonda ngati lathu lingathe kunena molimba mtima kuti: osaukitsitsa athandizidwe, feteleza afike mvula isanagwe, koma gawo lina lipite ku mbewu yabwino, alangizi ndi madzi. Boma limaopa kukhudza nkhaniyi poganiza kuti alimi onse angakwiye. Likamva alimi eni ake akunena, limapeza polowera.

Za magetsi ndi misewu ndingodutsa mwachangu, poti aliyense akuzidziwa. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo zigayo ndi ntchito zina zinaima. M'boma lathu lomwe lino, ku Golomoti, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira, umboni woti lamulo likalola makampani kupanga magetsi n'kugulitsa, magetsi amabwera. Njanji yochokera ku Nacala imalowera ku Nayuchi, ndipo ina imadutsa pa Golomoti ndi Mtakataka kupita ku Salima. Feteleza wokwera sitima amafika motchipa kuposa wa pa lole. Anzathu a ku Tsangano akudziwa bwino kuti dzinja likafika, mtengo wa kabichi ndi mbatatesi umatsika chifukwa cha matope a pamsewu, osati chifukwa cha mbewu.

Sankhani pempho limodzi, mulilembe pa tsamba limodzi

Apa ndi pamene tinapunthwa. Ulendo wathu woyamba tinalemba kalata ya masamba anayi, madandaulo khumi ndi limodzi, kuyambira mtengo wa feteleza mpaka mlatho wa kumudzi kwa apampando. Tinavala bwino, tinakwera minibasi, tinakafika ku ofesi ina mu Epulo. Bambo amene anatilandira anawerenga tsamba loyamba lokha, n'kutiuza mwaulemu kuti bajeti inadutsa kale ndipo theka la nkhani zathu si za ofesi yawo. Tinabwerera chimanjamanja, ndalama ya gulu itathera pa thiransipoti. Ndinavutika nazo mumtima masiku ambiri, chifukwa kalatayo ndinalemba ndine.

Mapanga awiri avumbwitsa. Khalani pansi gulu lonse, amayi alankhule poyamba chifukwa akayamba abambo nkhani imathera pa feteleza, ndipo musankhe chinthu chimodzi cha ku khonsolo ndi chimodzi cha ku likulu. Cha ku khonsolo chikhale chimene makhansala angachite okha. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake a m'misika, choncho ife tinasankha kuti mbatatesi izigulitsidwa pa kilogalamu m'misika yonse ya m'boma, thumba losokerera lithe. Gulu limodzi likakana thumba limeneli palokha, venda amangopita mudzi wotsatira. Lamulo la msika wonse ndi limene lingamugwire. Cha ku likulu tinasankha chija cha ziletso zolengezedwa nthawi yabwino.

Pa tsambalo yambani ndi kunena kuti ndinu ndani: dzina la kopaletivi, nambala yolembetsera, mamembala angati, amayi angati, maekala angati, matani angati chaka chatha. Kenako vuto, ndi nambala yochokera m'buku lanu, monga makilogalamu amene munapeza mutayeza matumba khumi osokerera poyerekeza ndi mtengo umene munalandira. Kenako chimene mukufuna chisinthe, m'chiganizo chimodzi chimene munthu angathe kuchiwerenga mokweza m'msonkhano. Onetsani amene apindule kupatula inu: wogula wa m'tauni, khonsolo imene idzatolere ziphaso mwadongosolo, dziko limene lidzasunge madola. Ngati pempho likufuna ndalama, nenani kumene mukuganiza kuti zichokere, chifukwa aliyense amene amapita kwa nduna ya zachuma amapempha kuwonjezera, ndipo wonena pochotsa amamveka msanga. Malizani ndi zimene inu mwachita kale ndi zimene mukulonjeza. Lembani m'Chichewa, wina amasulire m'Chingerezi kuseri kwa pepala lomwelo. Asaine apampando, mlembi ndi amfumu.

Dziwani khomo ndi nyengo yake

Nkhani za ulimi zili ndi makwerero ake: komiti ya ulimi ya m'mudzi, kenako Area Stakeholder Panel ya kwa mfumu yaikulu, kenako District Stakeholder Panel ku boma. Za chitukuko zimadzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya kwa mfumu yaikulu (ADC) mpaka ku khonsolo. Ambiri amanyoza makomiti amenewa kuti ndi ongodyera ma alawansi, koma zimene zalembedwa m'maminitsi awo ndi zimene zimalowa m'mapulani a boma. Onetsetsani kuti membala wanu mmodzi ali m'komiti iliyonse, ndipo pempho lanu lalembedwa m'maminitsi ndi mawu anu enieni. Pemphani kope.

A khansala apatseni pepala m'manja, pamaso pa anthu. A phungu musawapeze pa maliro kapena pa msonkhano wachipani, pamene aliyense akuwapempha bokosi ndi malata. Pemphani tsiku, mupite anthu atatu, muwapatse tsamba lija ndi kuwapempha chinthu chimodzi chimene phungu angathe: kufunsa nduna funso m'Nyumba ya Malamulo, kapena kukatula nkhaniyo ku komiti ya zaulimi kapena ya zamalonda. Pepala lomwelo lipite kwa aphungu a zipani zonse a m'boma lanu. Mbatatesi ilibe chipani, ndipo gulu likangodziwika kuti ndi la mtundu wakuti wa nsalu, boma likasintha mawu ake amafera pomwepo.

Ku likulu simungafike nokha kawirikawiri. Dzerani m'mabungwe amene amakhala kale pa matebulo amenewo: Farmers Union of Malawi, bungwe la alimi ang'onoang'ono la NASFAM, mgwirizano wa mabungwe a zaulimi wa CISANET, ndipo pa nkhani za malonda ndi misonkho, bungwe la amalonda ndi mafakitale la MCCCI. Iwo ali ndi akatswiri olankhula, koma nthawi zambiri amasowa manambala enieni a kumunda. Inu muli nawo. Ndipo musapite gulu limodzi. Lankhulani ndi makopaletivi a ku Lizulu, Tsangano, Mayani ndi Lobi, mugwirizane chiganizo chimodzi chija, aliyense abweretse manambala a m'buku lake.

Nyengo ndiyo inatigwetsa ife, ndiye imvetseni. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Nduna ya zachuma imamva maganizo a anthu ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu kumayambiriro kwa chaka, nthawi zambiri mu Januwale, n'kukapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo Epulo asanafike. Ndiye kuti tsamba lanu likhale litafika ku mabungwe aja ndi kwa aphungu pofika Novembala. Imeneyi ndi nthawi imene tonse tili kalikiliki ndi mizere ndi mvula yoyamba, n'chifukwa chake ntchito yolembayi ichitike mu Ogasiti ndi Seputembala, mbatatesi ya m'dimba isanakumbidwe. Khonsolo nayo imakonza bajeti yake miyezi yomweyo, choncho funsani kwa a khansala tsiku limene komiti ya zaulimi ya khonsolo ikukhala.

Pali chida china chimene alimi ochepa amachigwiritsa ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mungathe kulemba kalata ku ofesi ya boma kufunsa, mwachitsanzo, ndalama zimene zinatoleredwa pa msika wanu chaka chatha ndi zimene zinagwira ntchito pamsikapo, kapena ndalama zimene zinaikidwa pa msewu wanu. Akuyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Lembani mwaulemu, sungani kope lodindidwa chidindo cha tsiku limene alandira. Yankho limene mwalandira likhale nambala ya m'kalata yanu yotsatira.

Londolani

Kumapeto kwa buku lathu ndinasiya masamba asanu. Pamenepo ndimalemba tsiku, ofesi imene tinapita, udindo wa amene tinalankhula naye, chimene analonjeza, ndi tsiku limene tidzabwererenso. Msonkhano uliwonse wa gulu umayamba ndi pemphero, kenako ndimawerenga masamba amenewa tisanakambe za masheya. Amene analonjeza kanthu timamuimbira foni pakatha milungu iwiri, ndipo akachita timamulembera kalata yothokoza n'kuiwerenga pagulu, pakuti wogwira ntchito m'boma amene wathokozedwa poyera amatsegula chitseko msanga ulendo wina. Akasamutsidwa, timayambiranso ndi watsopanoyo, pepala lomwelo, manambala a chaka chatsopano.

Chaka chilichonse mukakolola, werengeraninso mtengo wolimira kilogalamu imodzi, muuike pambali pa wa chaka chatha, ndipo wina apite pa Lizulu akafunse mtengo wa mbatatesi ya tsidya lija la msewu. Kwathu nkhani ya thumba losokerera sinathe. M'gulu mwathu tinasiya kugulitsa popanda sikelo, ogula awiri a ku Lilongwe anavomera ndipo amabwera ndi matumba wamba, koma pamsika waukulu anyamata akusokererabe. Mayi aja amene anandifunsa ngati apindula ndi amene tsopano amasunga kiyi wa sikelo, ndipo Loweruka likudzali iwo ndi apampando akukakumana ndi magulu awiri a ku Ntcheu kuti tiyeze matumba ena khumi a kumeneko, manambala ake alowe pa tsamba la chaka chino lisanapite ku khonsolo.